Magalasi anatayidwa, koma usiku unasintha

Tinali titangodutsa pa Nathenje, dzuwa litalowa kumene, pomwe msuweni wanga anakhotetsera galimoto pambali pa msewu n'kuizimitsa. Tsiku limenelo anali atangotera kuchokera ku Britain komwe amagwira ntchito ya unamwino, ndipo pabwalo la ndege anaumirira kuti chiwongolero agwire yekha, ati msewu wa M1 anali ataulakalaka. Tsono apa ndinangomva kuti, "Asuweni, zungulirani mukhale uku. Ine za usiku ndinasiya."

Ndinadabwa, chifukwa wamagalasi m'galimotomo ndinali ine. Iye ake anawataya zaka 6 zapitazo atapangitsa opaleshoni ya maso ya laser, ndipo masana onsewo ndi amene ankandiwerengera zikwangwani zomwe ine ndinkaziona mwachimbuuzi.

"Lole ikamabwera kutsogoloku," anatero uku akufunafuna m'chikwama, "nyale zake zimaphulika n'kumwazika ngati nyenyezi, pozungulira pake kauta wa Leza. Wanjinga ali m'mbalimu sindimuona mpaka nditamufika." Anatulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala, n'kugadamitsa mutu, dontho diso ili, dontho diso linali. Fumbi la Okutobala linali litamulowa kale.

"Ndiye kuti mukunong'oneza bondo?"

"Ayi ndithu. Atati masiku abwerere m'mbuyo, ndikhoza kukagonanso patebulo pomwe paja."

Mayankho awiriwa anatuluka pakamwa pamodzi pasanathe mphindi ziwiri, ndipo palibe lonama. Otsatsa malonda a opaleshoniyi amagwiritsitsa lachiwirilo, amene inawapweteka amagwiritsitsa loyambalo, ndipo munthu wongofuna kudziwa ngati apite kapena asapite amasiyidwa pamphambano. Ine ndavala magalasi kuyambira ndili Fomu 2. Ndikudziwa momwe amachitira nkhungu ukavundukula nsima yamoto, ndi momwe mvula imakusandutsira wakhungu pakati pa msewu. Choncho sindikumuseka aliyense wofuna kuwataya. Funso langa ndi lakuti diso losemedwalo limakhala bwanji pakapita zaka 5, 15 kapena 30.

Chimene amasema

Kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene kamakuta mwanadiso. Madokotala amakatchula kuti cornea. Pakati pake n'pochindikala theka la milimita ndi pang'ono, ma micron pafupifupi 540, komabe magawo awiri mwa atatu a ntchito yopinda kuwala kuti chithunzi chikagwe bwino kuseri kwa diso amachitikira pamenepa. Munthu wosaona patali nthawi zambiri diso lake limakhala lotalikirapo, ndiye chithunzi chimagwera panjira chisanafike. Diso sungalifupikitse. Chimene dokotala angathe ndi kusema cornea kuti iphwatalale pang'ono.

Pa njira yotchuka kwambiri, ya LASIK, munthu amagona chagada ali maso. Amamudonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, n'kumuika kachitsulo kokanula zikope kuti asaphethire. Kenako kamkombero kamakanikiza diso n'kuliyamwa, ndipo kwa masekondi angapo kumagwa mdima. Apa m'pamene amadula kachivundikiro kopyapyala ngati pepala la m'kope, koma mbali imodzi amaisiya kuti kazitseguka ngati chitseko. Akakatsegula, laser imayamba kulira kuti the-the-the, ikusandutsa nthunzi mnofu wa pansipo. Ambiri chimene amakumbukira ndi fungo, longa la tsitsi lowauka. Pasanathe mphindi imodzi chitseko chija amachibwezera, osasoka n'komwe. Kukacha, munthu amene kuyambira ubwana wake sanaonepo wotchi ya pakhoma ali pabedi amaiwerenga bwinobwino. Ena amalira ndi chimwemwe, ndipo m'pomveka.

Palinso njira ya PRK, yomwe sadula chitseko koma amapala kakhungu ka pamwamba n'kusema pomwepo, ndi ya SMILE, yomwe laser imadula kachidutswa m'kati mwa cornea, dokotala n'kukasolola pa kampata kakang'ono. Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: mnofu wochotsedwawo sumeranso. Pa diopter iliyonse, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya magalasi, pamachoka ma micron 12 mpaka 15. Wamagalasi ochindikala ngati pansi pa botolo ndi amene amataya wambiri.

Diso limachedwa kuyankha

Mbiri ya ntchito imeneyi ili ndi phunziro limene lakhala likubwerezabwereza. Ku Tokyo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, dokotala wina dzina lake Tsutomu Sato ankatema cornea ndi kampeni, kunja ndi m'kati momwe, kuti anthu asiye magalasi. Poyamba zinkaoneka kuti zatheka. Sato anamwalira mu 1960. Patapita zaka 10, 20 ndi kuposerapo, ambiri mwa odwala ake cornea inayamba kutupa n'kuchita mbuu, chifukwa mpeni uja unali utawononga timaselo ta m'kati timene timapopa madzi kuti cornea ikhale youma ndi yoonekera. Pa nthawi imene ankatemayo, kufunika kwa timaseloti kunali kusanadziwike bwino.

Ku Moscow m'zaka za m'ma 1970, Svyatoslav Fyodorov anaitsitsimutsa njirayi, koma iye ankatema kunja kokha, mizere yonga masipoko a njinga. Inafalikira mpaka ku America, komwe boma linalipira kafukufuku wotchedwa PERK kuti atsatire odwalawo. Zotsatira za zaka 10 zitatuluka mu 1994, zinaonetsa kuti maso 43 pa 100 alionse anapitirizabe kusintha ndi diopter imodzi kapena kuposa, kulowera kosaona pafupi. Mmodzi mwa amene anatemedwa chotere anali Beck Weathers, dokotala wa ku Texas. Mu Meyi 1996 ali kumtunda kwa phiri la Everest, komwe mpweya ndi wochepa, cornea yake yofowokayo inasintha maonekedwe ndipo anasiya kuona bwino. Chimphepo chozizira chinamupeza ali komweko. Anapulumuka, koma dzanja lamanja, zala za kumanzere ndi mphuno zinadulidwa.

Imeneyi inali mipeni, osati laser, ndipo kungakhale kunamiza owerenga kunena kuti n'chimodzimodzi. Laser inabwera ndi kulondola kumene dzanja la munthu silingakufike. Mu Novembala 1981, pa malo ofufuzira a kampani ya IBM ku New York, Rangaswamy Srinivasan anabweretsa zotsala za nkhukundembo ya paphwando, ndipo iye ndi anzake Samuel Blum ndi James Wynne anaona kuti laser ya mtundu wa excimer imadula mnofu bwinobwino osawotcha wa m'mbali. Pofika 1990, Ioannis Pallikaris wa ku Crete anali ataphatikiza laser ndi chitseko chija n'kupereka dzina la LASIK. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza PRK mu 1995 ndipo makina a LASIK linayamba kuwavomereza mu 1998 ndi 1999. Kuwerengetsa bwino, munthu amene anapangitsa LASIK ali ndi zaka 25 m'chaka cha 2000 wangolowa kumene m'zaka za m'ma 50. Ukalamba wa maso amenewa tikuuonera limodzi panopa.

Misozi ikauma

Kachitsotso kakang'onong'ono kakalowa m'diso, munthu wamkulu ndi ndevu zake amaima pakati pa njira. N'chifukwa chakuti cornea ili ndi timitsempha tomvera tothithikana kwambiri, kuposa khungu maulendo mazanamazana. Ntchito yake si kumva ululu kokha. Ndi timeneti timene timauza ubongo kuti pamwamba pa diso payamba kuuma, phethira, tumiza misozi. Podula chitseko chija, timitsempha timeneti timadukira limodzi, ndipo diso limakhala ngati nyumba yomwe aidulira mawaya: pauma, koma uthenga sukufika.

Timameranso, koma mochedwa. Ofufuza a ku Mayo Clinic, ku Minnesota, atatsatira odwala ndi makina oonera zing'onozing'ono, analemba mu 2005 kuti pa PRK timitsemphati tinabwerera pafupi ndi kuchuluka kwake kwakale patatha zaka 2, koma pa LASIK panatenga zaka 5. Anthu ambiri kuumako kumawavuta miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira kenako n'kuzirala. Ena, ngati msuweni wangayu, kabotolo kamasanduka mnzake wa makiyi ndi foni, kosasiyidwa kunyumba.

Mawu akuti "kuuma kwa maso" amamveka opepuka, ngati milomo yosweka nthawi yachisanu. Amene ali nako kwenikweni amasimba za mchenga umene suchoka, za zikope zomatirira pa diso podzuka m'mawa, za zilembo za pa kompyuta zimene zimasungunuka pakangotha theka la ola. Utsi wa m'khitchini, fani, mphepo ya pawindo la minibasi, zonse zimasanduka adani. Ndipo popeza misozi ndi galasi loyamba limene kuwala kumadutsamo, diso louma silionanso bwino: ukaphethira kwayera, pakapita masekondi kwachitanso chimbuuzi.

Tchati cha pakhoma ndi msewu wa usiku

Kwa zaka zambiri, kupambana kwa opaleshoniyi kunkayezedwa ndi tchati cha zilembo chija, zakuda bii pa pepala loyera mbee, m'chipinda chowala bwino. Ukawerenga mzere wa m'munsi, wachira. Vuto n'lakuti moyo sitikhala m'chipinda chimenecho. Kukada, mwanadiso amakula kuti alowetse kuwala kokwanira, ndipo akakula kufika m'mphepete mwa pamene anasema, kuwala kwina kumadzera posemedwa, kwina posasemedwa. Ndi pamene pamachokera mikombero yozungulira nyale, kuphulika konga nyenyezi, kuthobwa m'maso, ndi kamthunzi kachiwiri pambali pa chilembo chilichonse. Munthu akhoza kukhoza tchati chonse masana koma n'kulephera kusiyanitsa mbuzi yakuda ndi phula madzulo.

Madandaulo atachuluka, FDA inaitanitsa msonkhano wapoyera mu Epulo 2008. Inali italandira malipoti 140 a anthu osakhutira pakati pa 1998 ndi 2006, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi mamiliyoni amene anapangitsa, koma zimene anthu anasimba pamsonkhanowo zinali zolemera. Chotsatira chake chinali kafukufuku wotchedwa PROWL, amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya JAMA Ophthalmology kumayambiriro kwa 2017. Anatsatira asilikali apamadzi 262 ku San Diego ndi anthu wamba 312, ndipo m'malo mongowawerengetsa zilembo, anawafunsa eni akewo zimene akuona.

Mwa amene analibe vuto lililonse la kaonedwe asanapangitse opaleshoni, mpaka 46 pa 100 alionse ananena kuti pakutha pa miyezi itatu anali ndi vuto latsopano limodzi kapena angapo, makamaka mikombero ija. Mwa amene maso awo sankauma, mpaka 28 pa 100 anayamba kuuma. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti oposa 95 pa 100 anali okhutira ndi kaonedwe kawo, ndipo amene mavutowa ankawalepheretsa kapena kuwavutitsa kwambiri pa ntchito za tsiku ndi tsiku sanakwane mmodzi pa 100. Ambiri amene anali ndi mavuto otere kale, ali ndi magalasi, anati achepa. Msuweni wanga yense ali m'manambala amenewa, mbali zonse ziwiri.

Chinandigwira mtima kwambiri mu kafukufukuyu ndi china. Anthuwa ankaulula mavuto awo mochuluka, kuposa kawiri, akamayankha okha mafunso pa kompyuta kusiyana ndi akakhala pamaso pa dokotala. Ife tikudziwa bwino khalidwe limeneli. Dokotala akafunsa kuti zikuyenda bwanji, timayankha kuti "ndiliko bwino, adokotala," kenako n'kukadandaulira mlonda wa pageti. Dokotala akamanena kuti mwa odwala ake onse palibe amene anadandaula, mwina sakunama. Mwina sanauzidwe.

Ndipo "osakwana mmodzi pa 100" ndi kachiwerengero kokoma m'khutu mpaka utakachulukitsa ndi anthu mazana a masauzande amene amapangitsa opaleshoniyi chaka chilichonse ku America kokha.

Chitseko chimene sichitsekeka

Bala la pakhungu likapola, khungu limagwirana. Cornea si choncho. Mu 2005 ofufuza a ku Emory University, mumzinda wa Atlanta, anayesa maso operekedwa ndi anthu amene anamwalira atapangitsapo LASIK. Anapeza kuti pakati pa chitseko chija panali pogwirana ndi mphamvu yokwana 2.4 pa 100 chabe ya cornea yosadulidwa, ndipo m'mphepete mwake pafupifupi 28 pa 100. N'chifukwa chake dokotala amatha kuchitsegulanso patapita zaka akafuna kusemanso. N'chifukwa chakenso chala cha mwana, nthambi ya mtengo kapena chigongono cha pampira chikhoza kuchisuntha, ndipo zoterezi zalembedwapo ngakhale patatha zaka zoposa 10. Sizichitikachitika, koma ankhonya ndi ena a ntchito zogundana amalangizidwa PRK pa chifukwa chimenechi.

Choopsa kuposa ndi pamene khoma lotsalalo lilephera kupirira. M'diso muli madzi amene amakankha kuchokera m'kati usana ndi usiku. Cornea ikapyapyala mopitirira, kapena ikakhala kuti inali yofowoka kale mobisika, imayamba kutukumuka pang'onopang'ono ngati chubu cha njinga pamene tayala latha. Matendawa amawatchula kuti ectasia, ndipo Theo Seiler, mmodzi mwa akadaulo oyamba a laser, anawafotokoza mu 1998. Akhoza kuonekera patatha miyezi kapena zaka zingapo. Ziwerengero zofalitsidwa zimasiyana, kuyambira 4 pa 10,000 mpaka 6 pa 1,000. Zikafika poipa magalasi wamba sathandizanso, munthu amafunika magalasi olimba omata pa diso, ndipo ena amafika pomuika cornea ya munthu wina. Pali chithandizo cholimbitsa cornea ndi vitamini B2 pamodzi ndi kuwala kwa ultraviolet, chimene chinayambira ku Dresden ku Germany ndipo FDA inachivomereza mu 2016. Chimaimitsa kutukumukako, koma sichibweza diso mwakale.

Apa pali potikhudza ife. M'madera otentha ndi afumbi a mu Africa muno, ana ambiri amakula ndi maso oyabwa, ofiira motuwa, akuwafikisa tsiku lonse. Kufikisa maso kwa zaka kumayendera limodzi ndi matenda a keratoconus, omwe cornea imapyapyala n'kusongoka yokha. Munthu wotere, amene magalasi ake amasinthasintha chaka ndi chaka ndipo palibe amene amamukhutiritsa, ndi amene amalakalaka kwambiri laser, komanso ndi amene sayenera kuyandikira n'komwe. Chipatala chabwino chimajambula mapu a cornea yonse, kutsogolo ndi kuseri, chisanavomere. Dokotala amene amabweza anthu ena ndi amene ndingamukhulupirire.

Ululu wosaoneka

Pali kagulu kochepa kamene timitsempha tija timamera molakwika, n'kumatumiza uthenga wa ululu popanda chopweteka. Diso ukaliyang'ana ndi loyera, tchati akuwerenga, utoto woyezera mabala sukuonetsa kanthu, koma mwini wake akumva ngati mwathiridwa tsabola. Perry Rosenthal, dokotala wa ku Boston, anathera zaka zomaliza za ntchito yake akuumirira kuti anthu amenewa sakunamizira, kuti nthendayo ili m'mitsempha. Ambiri asanapeze wowamvetsa amakhala atazungulira zipatala akuuzidwa kuti maso awo ali bwino.

Jessica Starr anali wolengeza zanyengo pa wailesi ya kanema ya Fox 2 mumzinda wa Detroit. Mu Okutobala 2018 anapangitsa SMILE. Mwezi wotsatira anauza omutsatira pa Facebook kuti akuvutika ndi kuuma kwa maso ndi chimbuuzi, ndipo kuchira kukuchedwa. Pa 12 Disembala anadzipha, ali ndi zaka 35, n'kusiya mwamuna ndi ana awiri. Imfa yotere kawirikawiri sikhala ndi chifukwa chimodzi, ndipo palibe kafukufuku amene watsimikiza kuti opaleshoniyi imachititsa anthu kudzipha. Komabe FDA itatulutsa mu Julaye 2022 chikalata chongoyerekeza cha zimene wodwala ayenera kuuzidwa asanasaine, inaikamo kuuma kwa maso, kuona pawiri, kuvutika kuyendetsa usiku, ululu wosatha, ndiponso kuti pali malipoti a anthu amene anadwala maganizo kwambiri ngakhale kufuna kudzipha. Mabungwe a madokotala a maso anachitsutsa kuti chikuopseza anthu ndipo sichikunena mokwanira za ubwino wake.

Munthu amene amawasowetsa mtendere kwambiri madokotalawa ndi Morris Waxler. Iye ankatsogolera nthambi ya FDA imene inaunika makina amenewa m'zaka za m'ma 1990. Atapuma pantchito anatembenuka, ndipo mu 2011 anapempha bungwe lake lakalelo kuti lilande chilolezo cha LASIK, ponena kuti mavuto monga kuuma ndi kusaona usiku anawapeputsa powaika m'gulu la "zotsatira" osati "zovulala". FDA inakana pempholi mu 2014. Ine sindikugwirizana naye pa zoletsa. Bungwe la NASA linayamba kulola opita m'mlengalenga opangitsa laser mu 2007, asilikali a America apangitsa mochuluka, ndipo magalasi omata pa diso nawonso, ukawavala zaka zambiri, ali ndi ngozi yawo ya zilonda. Makina a lero amasema malo otakasuka ndipo amatsatira diso likagwedezeka, zomwe a 1999 sankachita bwino. Koma pa mfundo ya mawu ija, Waxler analasa. Amene amasankha dzina la vuto lako ndi amenenso amasankha ngati liwerengedwe.

Diso silisiya kukalamba

Zotsala izi zikhoza kukhudza aliyense, ngakhale amene zonse zinamuyendera bwino. Choyamba, ena kusaona patali kumabwerera pang'onopang'ono. Gulu la Jorge Alió ku Alicante, m'dziko la Spain, linatsatira odwala kwa zaka 10 ndipo mu 2008 linalemba kuti maso 73 pa 100 anali akadali pafupi ndi pamene ankafuna, osapitirira diopter imodzi, koma diso limodzi pa asanu alionse linali litasemedwanso kachiwiri. Amenewo anali makina akale, inde, koma a zaka 10 nthawi zonse amakhala a makina akale.

Chachiwiri, zaka zikapitirira 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamauma, ndipo munthu amayamba kutalikitsa foni kapena buku la nyimbo kuti awerenge. Laser sikhudza kagalasi kameneka. Chopweteka n'chakuti wosaona patali amakhala ndi mwayi wobisika: akavula magalasi amatha kulowetsa ulusi pa singano mpaka ukalamba. Opaleshoni imalanda mwayi umenewo. Wopangitsa ali ndi zaka 38 amagula zaka zochepa chabe za ufulu, kenako magalasi amabwerera, ulendo uno owerengera.

Diso lija linali lalitali likadali lalitali. Ngozi yoti kansalu koonera ka kuseri kwa diso kang'ambike kapena kumatuka, imene imakhala yokulirapo kwa osaona patali kwambiri, ikadalipo ngakhale magalasi palibe. Ambiri akataya magalasi amatayira limodzi chizolowezi chokayezetsa maso.

Ndiye pali glaucoma, nthenda imene imadya mtsempha waukulu wa diso mwakachetechete, ndipo imagwira anthu akuda mochuluka komanso mofulumira kuposa azungu. Kachipangizo koyezera pulesha ya m'diso kamachita kukanikiza cornea. Cornea yosemedwa ndi yofewa, ndiye kachipangizoko kamapereka nambala yotsika kuposa yeniyeni. Woyeza amene sanauzidwe za laser, ndipo chipsera chake sichioneka ndi maso wamba, akhoza kukutsanzika kuti zonse zili bwino pamene mtsempha ukutha. Osaona patali ali kale pangozi yokulirapo ya glaucoma. Kwa munthu wa kwathu kuno, pa mavuto onse ndatchulawa, ili ndi limene ndingalilembe pachikhatho.

Pomaliza ng'ala, imene imadikira pafupifupi aliyense wokhala ndi moyo wautali. Pochotsa ng'ala amaika kagalasi kapulasitiki, ndipo mphamvu yake amaiwerengetsa kuchokera pa kupindika kwa cornea. Masamu akalewo anapangidwira cornea yosasemedwa. Pali njira zatsopano zowerengetsera, koma kuphonya kumachitikabe kawirikawiri pa maso a laser, ndipo munthu akhoza kutuluka mu opaleshoni ya ng'ala akufunika magalasi amene sanawayembekezere.

Msika

Iyi ndi opaleshoni ya pa diso labwinobwino, limene magalasi a mtengo wochepa amalithandiza kuona. Ku Britain, NHS, yoyendetsa zipatala za boma, siilipira kupatula pa zifukwa zapadera, choncho imagulitsidwa ngati katundu, ndi zikwangwani, mitengo yotsitsa ndi ngongole zobweza pamwezi. Mu Januwale 2023, bungwe la FTC loteteza ogula ku America linalamula kampani ya LCA-Vision, mwini wa zipatala za LasikPlus, kuti ilipire madola 1.25 miliyoni chifukwa chokopa anthu ndi mtengo wa madola 250, pamene mwa okopedwawo 6.5 pa 100 okha ndi amene anali oyenera mtengowo pa maso onse awiri. Chikomekome cha mkuyu. Mu 2017, Royal College of Ophthalmologists ku Britain inakhazikitsa mfundo zoti wodwala azionana ndi dokotala weniweni amene adzamupange opaleshoni tsikulo lisanafike, ndipo papite sabata kuti akaganize. Kufunika kolemba zimenezi kukusonyeza momwe zinthu zinkayendera.

Sabata yoganizira imeneyi ndi imene amasowa amene amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku India, tikiti yobwerera ili m'thumba. Kuyezedwa Lolemba, kusemedwa Lachiwiri, kuonedwa Lachitatu, Loweruka ali kunyumba. Ndalama zathera kale pa ulendo, ndiye ngakhale mapu a cornea atakayikitsa, mtima wofuna kumva kuti "musapange" palibe. Pulesha ikakwera chifukwa cha mankhwala odontheza a steroid amene amapereka pambuyo pake, kapena kaonedwe kakayamba kupotoka chaka chachitatu, amene anasemayo ali kutsidya kwa nyanja, ndipo dokotala wa kuno akuyamba kufufuza wopanda pepala lililonse.

Pepala lake si lalitali: mphamvu ya magalasi asanaseme, kuchindikala ndi kupindika kwa cornea poyamba, njira imene anagwiritsa ntchito, ma micron amene anachotsa, ndi mapu aja. Tikuyandikira ku Dedza, malole akutithobwa tonse awiri koma mosiyana, ndinamufunsa msuweni wanga ngati ali nalo. Anati liyenera kuti lili mu imelo. Nthambi imene anapangitsirako inatsekedwa chaka chathachi, anawonjezera, koma kampaniyo ilipo. Anachepetsa kuwala kwa foni, n'kuyamba kufufuza, chala chikutsetsereka zaka 6 m'mbuyo. Tikulowa m'tauni anati wapeza, n'kundiwerengera mokweza. Linali lisiti la ndalama.